Kodi pasitima yapanyanja munthu sangadye popanda suti ndi diresi lalitali?

Funso

Ndine mayi wokhala ku Rosettenville kuno ku Joni, kumudzi ndi ku Ntcheu. Ine ndi anzanga apachipereganyu takhala tikusonkha ndalama chaka chonse, ndipo tagula matikiti a sitima yonyamuka ku Durban kupita kugombe la Mozambique mu January, ulendo wogona usiku 4. Tikupita ndi amuna athu. Mnzathu wina akuti madzulo salola munthu kulowa modyera ngati sanavale suti ndi tayi, ndipo amayi amavala madiresi ofika pansi. Bambo akunyumba kwanga suti anaivala paukwati wathu basi, pano siwakwananso, ndiye akuti ngati zili choncho iwo atsala. Ine ndili ndi zovala zachitenje zosokedwa bwino, koma ndikuopa kuti andibweza pakhomo kapena anthu azikandiyang'ana. Sitima yomwe ndinakwerapo ndi Ilala yokha. Tigule chiyani, nanga tisiye chiyani?

Yankho

Mayi, choyamba auzeni bambo kuti asatsale. Suti yapaukwati ija ikhale momwemo m'kabati, palibe amene akaifunse. Inunso zachitenjezo longedzani, chifukwa pa zonse zomwe munyamule ndi zomwe zikakugwirireni ntchito kwambiri. Mnzanuyo sakunama kwenikweni, kungoti akunena za sitima zina, osati imene mukukwerayi. Ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'sitima zotere kwa zaka ndithu ndisanayambe kukonzera anthu maulendo kuno ku Joni, choncho ndikuuzani momwe zinthu zimaonekera kwa munthu amene waima pakhomo la chipinda chodyera.

Sitima zomwe zimanyamuka ku Durban nyengo yotentha, kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, zambiri ndi za kampani ya MSC Cruises. Zaka zapitazi kwabwera MSC Orchestra, MSC Splendida ndi MSC Musica, ndipo maulendo afupiafupi ngati anuwa amapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene, kumpoto kwake. Okwera ake ndi anthu akonkuno: mabanja a ku Soweto, a ku Chatsworth, a ku Pretoria, magulu a stokvel (chipereganyu cha kuno), akumpingo, ogwira ntchito limodzi amene alandira bonasi. Sitima imodzi imanyamula anthu oposa 2,000, ndipo ikangofika padoko m'mawa, madzulo ake imanyamukanso ndi ena. Kampani yofuna kudzaza zipinda zonsezo sabata ndi sabata singaike lamulo lobweza aliyense wopanda tayi. Theka la sitima lingagone ndi njala.

Chimene chimasokoneza anthu ndi kuganiza kuti sitima yonse ili ndi lamulo limodzi la kavalidwe. Ayi, kavalidwe kamatengera malo amene mukudyera ndi nthawi yake. Pamwamba, pafupi ndi dziwe losambira, pali buffet, pomwe munthu amatenga mbale n'kudzigawira yekha. Kumeneko kabudula, sikipa ndi mapatapata n'zololedwa m'mawa, masana ngakhale usiku. Chomwe amakana ndi kulowa uli chinyowere, uli pamimba pamtunda kapena wopanda nsapato, ndipo chifukwa chake si ulemu wokha. Mipando yansalu ikanyowa imanunkha, pansi ponyowa pamaterera sitima ikamagwedezeka, ndipo pamalo pomwe anthu zikwi akudyera matambula sasiya kusweka. Mukatuluka m'madzi, dzipukuteni, mangani chitenje pamwamba pa chosambira, valani mapatapata, basi mwakwana. Apa ndiye amayi akwathu amapambana anzawo omwe amagula nsalu zodula zongofunda pochoka kudziwe.

Chipinda chodyera chachikulu chili m'munsi. Mmenemo muli matebulo oyalidwa nsalu, mumakhala pansi, amakubweretserani pepala la zakudya, ndipo chakudya chimabwera mbale ndi mbale: choyambira, supu kapena saladi, chakudya chenicheni, kenako chotsekemera. Madzulo anthu amalowa m'magulu awiri, loyamba cha m'ma 6 koloko, lachiwiri itadutsa 8, ndipo nthawi yanu ndi nambala ya tebulo lanu zimalembedwa pakhadi lomwe amakupatsani pokwera. Ndikunena izi chifukwa anthu athu ambiri amaopa chipinda chimenechi. Amayesa n'cholipira mwapadera kapena n'cha mabwana, ndiye amadya ku buffet ulendo wonse, kuima pamzere ndi thireyi. Chakudya cha mmenemo munalipira kale m'tikiti yanu. Zakumwa ndiye zimalipiridwa padera, pokhapokha ngati tikiti yanu ikuphatikiza zimenezo. Ndalama zomwe mwasonkha chaka chonse musazisiyire ena chifukwa choopa malaya.

Madzulo wamba, papepala la ndondomeko ya tsiku amalemba kuti casual kapena smart casual. Kwa abambo ndi buluku lalitali, shati yakolala ndi nsapato zotseka. Shati ya golf ndi yokwanira. Jinzi yakuda kapena yabuluu wakuda, yosang'ambika m'maondo, imalowa popanda wofunsa. Kwa amayi ndi diresi lililonse labwino, siketi ndi bulauzi, kapena buluku. Amayi ena achikulire amandifunsabe ngati buluku likuloledwa modyera, ndipo sindiwaseka, poti amene anakula nthawi ya Kamuzu akukumbukira lamulo la 1973 lomwe linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, mpaka pomwe ndale za zipani zambiri zinkabwera. Pasitima kulibe zimenezo. Valani chomwe mumamasuka nacho.

Zomwe zimabwezetsa munthu pakhomo madzulo n'zochepa, ndipo n'zomwezomwezo pafupifupi pasitima iliyonse: zovala zosambira, vesiti yoonetsa m'khwapa kwa abambo, kabudula wakugombe, ndi kuyenda wopanda nsapato. Wovala kapusi amauzidwa kuti avule. Mapatapata amphira amadalira mkulu wa chipinda chodyera, ena amatsinzina, ena amabweza, ndiye ndi bwino kungowasiya kuchipinda. Jezi ya Bullets kapena ya Pirates mwina sangakubwezeni nayo, koma malo ake ndi masana kudziwe. Ndipo kubwezako sikukhala kochititsa manyazi monga momwe mukuganizira. Wapakhomo amayankhula chapansipansi kuti bwana, kasintheni kabudulayo, tebulo lanu likudikirani. Munthu amakwera kuchipinda n'kubwerera mphindi 10 zisanathe, anzake asanamalize ngakhale buledi. Ogwira ntchito pasitima amafuna alendo okondwa, poti pomaliza ulendo alendo amalemba momwe awasamalirira. Palibe woperekera zakudya amene amadzuka ndi mtima wofuna kukangana ndi mlendo nkhani ya tayi.

Tsopano usiku womwe mnzanu akunena, umene amautcha gala night kapena elegant night. Paulendo wa usiku 4 kawirikawiri umakhala umodzi, pa wa sabata yathunthu iwiri. Usiku umenewo chakudya chimakonzedwa mwapadera, akuluakulu a sitima amavala yunifolomu yawo yonse, ojambula amaimika makamera pamasitepe ndi m'makonde, ndipo nthawi zambiri pamakhala mwayi wojambulitsa ndi kaputeni. Kampani imapempha kuti abambo avale suti kapena jekete, amayi avale diresi lamadzulo. Koma ili ndi pempho, si chitupa cholowera. Mukayang'ana m'chipindamo mukaona abambo owerengeka atavala tuxedo (suti yakuda yapaphwando) ndi tayi ya gulugufe, ena jekete popanda tayi, ndipo ambiri shati yamanja aatali yosita bwino ndi buluku lakuda. Amayi nawo, wina diresi lonyezimira lofika pansi, wina lolekeza m'maondo, wina sari, wina shweshwe (nsalu yakotoni yamaluwa ya kuno ku South Africa). Muyeso wake ndi wa mlendo woitanidwa kuphwando laukwati ku holo: watchena, koma si iye mkwatibwi. Amene sakufuna n'komwe kutchena amakadya ku buffet, yomwe imakhala yotsegula usiku umenewonso.

Nkhani ya chitenje ndiikhalire pang'ono, poti ndi yomwe yakudetsani nkhawa. Chovala chachikhalidwe chosokedwa bwino chimawerengedwa kuti ndi chovala chaulemu wonse, ngakhale pasitima zokhwimitsa malamulo za Angerezi, komwe munthu wa ku Scotland amalowa usiku wa gala atavala kilt yake, chovala chachikhalidwe cha abambo chonga siketi. Pasitima za ku Durban ndiye n'chizolowezi. Amayi achixhosa amabwera ndi umbhaco, achizulu ndi mikanda yawo, achimwenye ndi sari. Anthu akakuyang'anani, inde, koma kuyang'ana kwake n'kofuna kufunsa telala wanu. Duku lomangidwa bwino ndi mbali ya chovalacho, palibe akakuuzeni kuti muvule, lamulo la kapusi lija silikhudza duku. Chimodzimodzi ngati pagulu panu pali Asilamu: mkanjo woyera ndi chisoti chake kwa abambo, hijab ndi diresi lalitali kwa amayi, zonse zimalowa.

Koma pali chitenje ndi chitenje. Chomangira m'chiuno pamwamba pa sikipa ndi chamasana. Chamadzulo chikhale chosokedwa, kaya diresi, kaya siketi ndi bulauzi yake. Nsalu yachipani, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, yakampeni ya bungwe kapena yachikondwerero cha mpingo, ine ndinganene kuti isiyeni ku Rosettenville. Sakubwezani nayo, koma patebulo mwina akakuphatikizani ndi anthu osawadziwa, ndipo simunapite kunyanja kukafotokoza ndale zakwathu pakati pa supu ndi nsomba.

Ngati mukusoketsa chatsopano, uzani telala zinthu zomwe sangaziganize yekha. Utali ulekeze m'kakolo, usakhwekhwereze pansi, chifukwa pasitima mumayenda m'masitepe kwambiri. Nthawi yachakudya malifiti amadzadza, ndipo dzanja limodzi limafunika kugwira chitsulo cham'mbali sitima ikamagwedezeka. Siketi yothina m'maondo n'kutambasuka kumusi imaoneka bwino pachithunzi koma imavuta pamasitepe, ndipo chakudya chamadzulo chimatenga ola ndi theka, nthawi zina kupitirira, muli chikhalire. M'chiuno mukhale mpata, poti pofika usiku wachitatu pasitima palibe amene amakhala ndi chiuno chomwe anakwera nacho. Muuzeni aikenso thumba lobisika m'mbali. Khadi lija ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi lomwenso mumalipirira chilichonse, ndiye kukhala ndi poliika kumakupulumutsani kunyamula kachikwama usiku wonse. Nsalu yatsopano muichape isanasokedwe kuti sitachi ichoke ndi utoto wosagwira utuluke. Shweshwe yeniyeni makamaka imabwera yolimba ndi sitachi ndipo imafupika pang'ono ikachapidwa koyamba. Layiningi ikhale yakotoni. Ku Durban ndi kugombe la Mozambique mu January kumatentha kwa chinyontho, osati kouma ngati kuno kumtunda, ndipo layiningi yanailoni imamatirira pathupi. Pomaliza, matelala onse a ku Joni amapanikizika mu December ndi maukwati komanso anthu opita kumudzi. Kapereke nsalu mu November, ndipo tsiku lomwe mumuuze kuti mukunyamuka likhale la masabata awiri tsiku lenileni lisanafike. Matelala athu timawadziwa.

Bambo vuto lawo n'laling'ono kuposa momwe akulionera. Akhale ndi buluku limodzi lakuda kapena labuluu wakuda lowakwana bwino, shati ziwiri kapena zitatu zakolala, imodzi yoyera yamanja aatali, lamba, masokosi akuda ndi nsapato zopolishidwa. Buluku lomwelo alivale madzulo onse, palibe amawerenga. Usiku wa gala, shati yoyera ija ndi yokwanira. Njira yomwe ine ndimaikonda kwambiri ndi yosoketsa shati yamanja aatali pansalu yomweyo ya diresi lanu, kapena shati yamtundu umodzi yokhala ndi chitenje chanu pakolala ndi m'mphepete mwa manja. Imavalidwa kunja kwa buluku, sifuna tayi kapena jekete, ndipo m'dziko lino palibe anganene kuti si yaulemu, poti Nelson Mandela ankalandira atsogoleri amayiko atavala shati zamaluwa zotero. Pachithunzi banja lovala choncho limaoneka bwino kuposa la suti yobwereka.

Ngati mtima wawo ukufunabe jekete, imodzi yabuluu wakuda ikwanira, ndipo sikofunika yatsopano. Pakaunjika wa pa De Villiers Street, pafupi ndi Park Station, majekete abwino amapezeka kwa woleza mtima. Poyesa ayang'ane mapewa. Manja ndi m'chiuno telala amakonza mosavuta, koma mapewa akakula kapena akathina, isiyeni ngakhale itchipe bwanji. Kenako ipite kochapitsa. Kuchita hayala suti sindikulimbikitsa. Malo ahayala amawerengera masiku, inu muchoka pafupifupi sabata kuphatikiza ulendo wapamsewu, ndipo mukulipirira chovala chomwe chivalidwe maola atatu. Ndalama imeneyo isungeni, chifukwa pasitima mitengo imawerengedwa m'madola a ku America, ndipo chithunzi cha usiku wa gala chomwe mukachifunitsitsecho n'chogula.

Kwa ofuna nsalu kapena zovala zatsopano, Oriental Plaza ku Fordsburg muli nsalu, mashati ndi madiresi amadzulo amitengo yonenerera, ndipo zing'onozing'ono monga ndolo, mikanda ndi kachikwama kam'manja zimatchipa ku Dragon City kapena ku China Mall. Sikofunika kukatsegula akaunti yangongole ku Sandton chifukwa cha usiku umodzi.

Nanga mnzanuyo anazitenga kuti? Mwambo wovala mwapadera pachakudya chamadzulo unachokera pasitima zakale zonyamula anthu pakati pa mayiko, ndege zisanafale. Kuno kum'mwera zinali sitima za Union-Castle Line, zomwe zinkanyamula makalata ndi anthu pakati pa Southampton ndi Cape Town mpaka 1977. Okwera kalasi yoyamba ankasintha zovala madzulo alionse, monga ankachitira olemera a ku England kunyumba kwawo, ndipo paulendo wamasabata pafupifupi awiri kutchenako kunali njira imodzi yothetsera tsiku. Kampani yomwe yasungabe mwambowu mwamphamvu ndi Cunard, yomwe inayamba mu 1840. Pasitima yawo ya Queen Mary 2, imene nthawi zina imaima ku Cape Town ndi ku Durban ikamazungulira dziko, ikakwana 6 koloko madzulo kavalidwe kamasintha m'malo ambiri asitimayo, osati modyera mokha. Usiku wa gala abambo amafunikadi tuxedo kapena suti yakuda ndi tayi, ndipo osafuna amakadyera ku buffet yawo yotchedwa Kings Court. Kumeneko mawu amnzanu ndi oona. Koma makampani ambiri anafewetsa kalekale. Norwegian Cruise Line inayamba mu 2000 zomwe imatcha Freestyle Cruising, zopanda nthawi yoikika yodyera ndiponso zopanda usiku wokakamiza suti, ndipo ena anatsatira pang'onopang'ono. Royal Caribbean pamaulendo ambiri imangoti Dress Your Best. Katundu wapandege nayenso anathandiza: munthu wololedwa makilogalamu 20 kapena 23 satayira malo pa suti ziwiri. Ndiye tsiku lina mukadzakwera sitima ina, dzayambeni mwawerenga malamulo akampani imeneyo, musadzatengere za ku Durban.

Palinso usiku wamitu yosiyanasiyana, ndipo wodziwika kwambiri pasitima za MSC ndi wovala zoyera. Nthawi zina kumakhala wa zamaluwa kapena wa zovala zamakedzana. Izi n'zachisangalalo chapamwamba pa sitima chakudya chikatha, sizikakamiza munthu. Komabe nyamulani chovala chimodzi choyera aliyense, poti kukhala wekha wovala zofiira pakati pa anthu mazana ovala zoyera sikusangalatsa. Bambo ngati shati yawo yoyera ndi imodzi, aonetsetse usiku womwe ukuyamba pakati pa wa gala ndi wa zoyera, ndipo asamale ndi msuzi wa pasta.

Zosita ndi zomwe zimadabwitsa anthu athu kuposa china chilichonse. Simbi siloledwa pasitima. Zikwama zonse zimadutsa m'makina ounikira padoko, ndipo akapeza simbi, ketulo kapena chilichonse chotenthetsa chotere amachisunga mpaka tsiku lotsika. Panyanja palibe choopsa kuposa moto. M'chipinda simupezamo simbi, ndipo kusitisa kwa ochapa apasitima n'kolipira chovala chilichonse pachokha, komanso tsiku la gala amachulukidwa ntchito. Kwa ife amene tinaleredwa kuti munthu satuluka m'nyumba ndi malaya okwinyika, izi zimafuna kukonzekera. Sitani zonse kunyumba. Diresi ndi shati za gala muzipinde ndi pepala kapena pulasitiki yakochapitsa pakati pake, muziike pamwamba penipeni m'sutikesi, ndipo mukangolandira katundu zitulutseni n'kuzipachika. Zikakwinyikabe, zipachikeni kubafa pamene mukusamba madzi otentha, nthunzi imawongola ndithu. Ubwino wa chitenje chakotoni ndi woti maluwa ake amabisa makwinya, pomwe bafuta woyera amaulula chilichonse.

Usiku woyamba ndi womaliza uli ndi zake. Pokwera ku Nelson Mandela Cruise Terminal, malo okwerera sitima padoko la Durban omwe mwambo wowatsegulira unachitika mu 2023, masutikesi mumawasiya panja kuti antchito akawapereke kuchipinda chanu, ndipo poti ndi zikwi, ena amafika madzulo ndithu, gulu loyamba litayamba kale kudya. N'chifukwa chake usiku woyamba sakhwimitsa, mwambo womwenso unachokera pasitima zakale zija. Komabe inu mukuchokera ku Joni, makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa N3, ndipo ngati mwagona m'basi mukafika otopa ndi othimbirira. Ikani shati imodzi yoyera bwino kapena diresi lopepuka m'chikwama cham'manja, pamodzi ndi mankhwala anu ndi chosambira. Usiku womaliza n'chimodzimodzi mobwerera: masutikesi amaikidwa panja pa chitseko musanagone kuti akakudikireni padoko. Musanatseke, patulani zovala mawa lake pamodzi ndi nsapato. Paulendo uliwonse pamapezeka munthu wotsika sitima atavala zogonera.

Nsapato za gogoda zazitali zisiyeni, kapena nyamulani zosapitirira zala ziwiri kutalika kwake. Nyanja yapakati pa Durban ndi Mozambique nthawi zina imavuta, ndipo panja pa sitima pamakhala chinyontho cham'nyanja. M'chipinda chodyera ndi muholo yazisudzo makina oziziritsa amazizira kwambiri, choncho juzi yopepuka kapena nsalu yofunda m'mapewa imafunika ngakhale kunja kukutentha. Tsiku lotsikira kugombe mumapita ndi maboti aang'ono, mapazi akhoza kunyowa, ndipo nkhomaliro yake amaikonzera pamchenga pomwepo. Kumeneko chipewa, chitenje ndi nsapato zosaopa madzi n'zokwanira, ndipo mchengawo umaotcha mapazi masana. Mukabwerera pasitima musathamangire modyera ndi mchenga m'miyendo. Ngati nthawi yanu ndi ya gulu loyamba, bwererani msanga kuti musambe.

Poti mukupita pagulu, pali chinthu chimodzi chofunika kuposa zovala. Ngati matikiti anagulidwa padera, kompyuta ikhoza kukumwazani matebulo osiyana ngakhalenso nthawi zosiyana. Uzani amene anakugulitsani kuti alumikize mayina anu onse tsopano lino, ndipo tsiku lokwera mmodzi apite ndi makhadi kwa mkulu wa chipinda chodyera masana omwewo kukatsimikiza. Za kuvala nsalu imodzi gulu lonse usiku wa gala, magulu ambiri amatero ndipo zimaoneka bwino. Kungoti gwirizanani msanga, ndipo aliyense asoketse sitayelo yomuyenera thupi lake. Kukakamiza amayi 10 sitayelo imodzi kumathera m'madandaulo, ndipo amene ndalama zamuthera musamuumirize, duku lansalu yomweyo ndi lokwanira kumuphatikiza pagulu.

Ndipatuke pang'ono pankhani yomwe simunafunse koma imalepheretsa anthu athu kukwera kuposa zovala. Ulendo wa ku Mozambique ndi wotuluka m'dziko, ndipo padoko la Durban pamakhala a Home Affairs, oona zolowa ndi kutuluka m'dziko, monga pa Beitbridge. Aliyense akhale ndi pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo, komanso pemiti yomwe masiku ake sanathe, yomulola kubwereranso mu South Africa. Kuyambira 2014, munthu amene wapyola masiku ake akamatuluka amamudindira chiletso cholowanso, chomwe chikhoza kufika zaka 5. Pamsonkhano wanu wotsatira wachipereganyu aliyense abwere ndi pasipoti yake, muone madeti limodzi nthawi ikadalipo.

Kavalidwe ka usiku uliwonse amalemba papepala la ndondomeko lomwe limabwera kuchipinda chanu madzulo atsiku lapitalo, pamodzi ndi nthawi zotsegulira malo odyera. Tsiku loyamba mukhozanso kufunsa kulisepushoni kuti gala ndi usiku wa zoyera zili liti, ndipo akakuuzani. Sindingadabwe kumva kuti mwanyamula madiresi 8 paulendo wausiku 4, poti amayi ambiri amatero, koma makabati am'zipindazo ndi aang'ono ndipo mukugawana ndi bambo. Chachitenje chimodzi cha gala, zamadzulo wamba ziwiri, choyera chimodzi, zamasana zopepuka, zitenje ziwiri zomangira ndi nsapato mapeyala atatu, sutikesi itsekeka popanda kuikhalira. Sutikesiyo ikakhala yopanda kanthu imalowa kunsi kwa bedi.